Mwendo wa Mkamwini

Fatsani, iwe ndi alongo ako mwakhala mukundifunsa za mpando uja wa pakhonde, wa chishalo cha njinga yamoto. Mumafuna kudziwa chifukwa chake uli ndi mwendo umodzi waufupi, ndiponso chifukwa chake ndimakalipa wina akafuna kuikapo kamwala pansi kuti uwongoke. Nthawi zonse ndimakuyankhani kuti kalipentala wake anali ataledzera. Kalipentalayo ndine, ndipo tsiku limenelo ndinali ndisanalawe ngakhale thobwa. Poti tsopano ndinapuma ntchito, ndipo nthawi ndili nayo yambiri kuposa mano, ndati ndilembe nkhani yake yonse, kuti ndikadzapita musadzauwaze nkhuni.

Chaka chimene ndinayamba ntchito ku malire

Za ubwana wanga ndizidumpha. Palibe chachilendo: ndinakwera mitengo ya eni, ndinathamangitsidwa ndi agalu a eni. Ntchito yanga yoyamba inali ku malire kuno ku Mwanza, kwa bambo wina amene ankathandiza madalaivala a malole kudutsitsa katundu. Ine ndinali miyendo yake. Ndinkathamanga ndi mapepala kuchoka pa zenera ili kupita pa zenera ilo dzuwa likuswa mtengo, ndipo pakati pa mazenerawo ndi pamene panali sukulu yanga yeniyeni. Osintha ndalama, amayi a zitenje ochokera ku Zobue tsidya la Mozambiki, madalaivala a ku Tete, onsewo anali aphunzitsi anga a kunenerera. Ndinaphunzira kuti chinthu ukachikonda uzichiyang'ana ngati chikukununkhira. Ndinaphunzira kunyamuka ngati ukupita, khutu litatsalira kumbuyo kudikira kuti akuitane. Koma chachikulu chinali maso. Pakamwa munthu amatchula mtengo wa mlendo, koma mtengo wake weniweni umakhala m'maso, ndipo ukamuyang'anitsitsa osaphethira umauona ukutsika wokha. Sindikunena kuti sindinkagwa nazo ayi. Tsiku lina ku Zobue ndinanenerera nsapato mpaka wogulitsa anagwira kumutu nkundiponyera m'jumbo. Ndinawoloka malire ndikuimba mluzu. Pofika kunyumba ndinapeza zonse ziwiri ndi za phazi lamanzere.

Nthawi yomweyo ndi imene ndinakwatira mayi anu kwa Nthache, ndipo ndinapita chikamwini, nkumanga nyumba kuseri kwa nyumba ya apongozi anga, agogo anu anaBanda. Inu munawapeza atachepa, koma masiku amenewo anali mayi wathupi ndithu, osalankhulalankhula. Ine ndi iwo tinkaopana monga mwa mwambo. Tikakumana panjira iwo ankapatukira kutchire, ine ndinkanjuta kuyang'ana kumbali nkuwomba m'manja. Mawu anga kwa iwo ankadzera mwa mayi anu, awonso chimodzimodzi. Zaka zonsezo nkhope yawo ndinkaidziwa cham'mbali, ngati mutu wa pa kobiri.

Chaka chimene ndinapatsidwa njinga

Miyendo itayamba kudandaula za ku malire, ndinalembedwa ntchito pa kampani ina yaing'ono ya pa Boma, yogula nandolo ndi manachesi kukagulitsa ku Blantyre. Bwana wake tinkangowatchula kuti a Sizimenezo. Ukawapatsa moni, si zimenezo. Ukawauza kuti mvula ikubwera, si zimenezo, ngakhale madontho akuwagwera pa dazi. Koma anali munthu wodziwa ntchito, ndipo ataona mmene ndinkalankhulira ndi alimi pa sikelo, anandichotsa konyamula matumba nkundipatsa njinga yamoto, kuti ndizitsogola m'midzi kukagwirizana mitengo lole isanafike.

Njingayo inali yofiira, yokalamba, koma injini yake inali ndi mtima. Sitandi yapakati inali itaduka kalekale pa miyala ya m'mapiri, moti inkaima ndi yam'mbali yokha, imene ife tinkangoti mwendo. Lamulo linali loti ndizigona nayo kumudzi kuti ndizilawira, koma Lamulungu isayende, ndipo Lolemba lililonse m'mawa ndizikaionetsa ku ofesi. Choncho Loweruka masana ndinkaiimika pansi pa mtengo wa mango uja wa pabwalo, madzulo nkuilowetsa m'nyumba, Lamulungu m'mawa nkuitulutsanso kuti fungo la petulo lisatiphe. Kenako ndinkapita wapansi ku tchalitchi, kuchoka uko ku bawo.

Poyamba inkaima bwino, kupendekera pang'ono monga zimachitira njinga zonse. Koma miyezi ikupita ndinayamba kuona kuti ikuweramira kumanzere mopitirira. Ndikaiimika pamsika inkachita ngati ikufuna kutola chinthu pansi. Anyamata a kabaza pa Boma, amene sasowa dzina la munthu, anaitcha Mkamwini. "Madala, mkamwini wanu wagwadiranso ndani uko? Apongozi ali kuti?" Ine ndinkaseka nawo, koma ndinayamba kuyenda ndi mwala wafulati m'thumba la jekete woika pansi pa mwendo. Mwala umodzi unakhala iwiri. Jekete inayamba kupendekera mbali imodzi ngati mwini njinga.

Kugwa koyamba kunali kwa mlimi wina wa manachesi, mdala wouma mtengo kuposa fupa. Tinali titakokana kwa nthawi, ndipo ndinafika pa luso langa lija lonyamuka ngati ndikupita. Ndinavala chipewa, ndinati, "Basi madala, adyetseni anyani." Ndikutembenuka chonchi, miyala ija inaterereka mumchenga, njinga nkugona pansi ngati ng'ombe yodwala. Mdalayo anaseka mpaka kutsokomola. "Achimwene, inu mukuti mukupita, koma mnzanuyu akuti agona konkuno. Khalani pansi tikambirane." Tsiku limenelo manachesi ndinagula pa mtengo wake wa iye.

Chaka chimene mafuta anasowa

Chinali chaka chovuta. Pa Boma mapampu anali ouma, petulo tinkachita kukagula wa m'zigubu wochokera ku Zobue, ndipo dontho lililonse a Sizimenezo ankalilirira ngati magazi awo. Njinga ikagwa, petulo ankatayika pa chivindikiro cha thanki. Ndinaona kuti za miyala zija sizindifikitsa patali, ndiye ndinapita kwa a Zuze.

A Zuze anali wowotcherera zitsulo pafupi ndi msewu wa ku malire. Anabwera kuno ali mnyamata pothawa nkhondo ya kwawo ku Mozambiki, nkukhazikika, ndipo aliyense wobwera ndi ntchito ankamutchula kuti patarau, kutanthauza bwana, ngakhale wobwera ndi khasu lothyoka. Ndinawauza kuti mwendo wa njinga wafupika, auwonjezere. Iwo anazungulira njingayo, anaigwedeza, nkundiyang'ana mwachisoni chabodza.

"Patarau, akuluakulu anati mkamwini asamakule mwendo. Inu mukufuna ndimukulitse ndi manja angawa?"

"A Zuze, miyambi siimika njinga. Wotchererani."

Tinayamba kunenerera. Ndinayesa zonse, kunyamuka, kubwerera, kutchula ana anga, koma a Zuze anali anadutsa sukulu ya ku malire yomweyo ndipo sanasunthe. Nditaona kuti mtengo walephereka, ndinati ndipindule pa chitsulo. Iwo anali atadula kachidutswa kakang'ono, ine ndinaloza kena kotalikirapo. "Pa mtengo umenewo, muikepo ako." Anandiyang'ana, anakweza mapewa, nkuwotcherera kamene ndinasankha. Ndinachoka pamenepo ndikudziona wochenjera, poti ndinali nditapeza chitsulo chambiri pa mtengo womwewo.

Lolemba ndinafika ku ofesi monyada. Ndinatsitsa mwendo, njinga inaima njo, ngati wapolisi pa perete. A Sizimenezo anatuluka, anaiyang'ana, ndipo pakamwa pawo panayamba kutseguka. Ine ndinali ndikumasula kathumba ka nandolo kamene ndinamangirira kumanzere. Nditangokachotsa, mphepo ya mwezi wa fumbi ija inadutsa. Njinga inakhala ngati ikuganiza kaye. Kenako inagwera kumanja, mbali imene ilibe mwendo, nkukafikira pa sikelo ya kampani. Galasi lakumanja linasweka, chogwirira buleki chinapindika, muvi wa sikelo unaloza kumene sunalozepo chiyambire.

"Si zimenezo," anatero a Sizimenezo, ndipo ulendo uno ankanena zoona. Sanakuwe. Anangoti, "Bambo, njinga iyi ikadzagwanso, kapena ndikadzaiona itagwada pano Lolemba, makiyi mudzaike patebulo. Alipo anthu pa Boma pano amene akuifuna, ndipo matumba aja sanapeze wowanyamula wabwino chichokereni inu."

Msana wanga unali utasiyana nawo kale matumba. Kubwerera kumeneko kunali kuchotsedwa ntchito mwaulemu. Ndinabwerera kwa a Zuze, anadulako chitsulo chija akuimba kanyimbo ka kwawo kamene ndikukhulupirira kuti kankanena za ine. Njinga inaimanso bwino. Koma pasanathe mwezi inayambiranso kuwerama.

Nyengo ya nandolo, chaka chomwecho

Apa mantha anasakanikirana ndi chidwi, ndipo ndinene zoona, chidwi ndi chimene chinkandisowetsa mtendere kwambiri. Chitsulo sichifupika ngati kandulo. Nanga chinkachitika nchiyani? Ndinayesa mpweya wa matayala, unali bwino. Ndinakanikiza mashoko, masipuling'i a pa matayala aja, anali bwino. Ndiye ndinaganiza zofunsa mtengo wa mango. Ndinakwirira mwala umodzi pansi pake kuti mwendo uziponda pamodzimodzi, ndipo tsiku lililonse ndikafika ndinkakanda ndi msomali pa thunthu, pamene nsonga ya handulo yakumanzere yalekezera. Zimene ndinaona zinandizunguza mutu. Kuyambira Lolemba mpaka Loweruka, njinga itanyamula matumba, itadumpha maenje ndi miyala, chizindikiro sichinkasuntha. Koma Lamulungu madzulo handulo inkapezeka yatsika pansi pa chizindikiro cha dzulo lake. Njinga yopirira mapiri sabata yonse inkatopa tsiku lopuma.

Ndinaganizira chiswe, ndinafukula mwala uja, panalibe. Ndinaganizira mbuzi kuti mwina zimadzikanda pamenepo. Ndinaganizira inu, koma munali aang'ono, ndipo njinga ija munkaiopa ngati jakisoni. Mnzanga wina wa pa bawo anati, "Aphiri, musavutike, alipo amene amaikwera mwamatsenga kupita nayo ku Tete." Ine ndinati, "Ku Tete ndi kubwerera, petulo osatsika? Mfiti imeneyo mundipezere, ndiilembe ntchito." Kenako ndinayamba kuona tinthu ting'onoting'ono. Galasi lakumanzere, lotsala lija, Lolemba lililonse ndinkalipeza litatembenuka. Pakati pa chishalo ndi thanki ndinkatolamo makoko a nandolo wamuwisi, pamene ine ndinkanyamula wouma yekha. Tsiku lina ndinaona kaufa kofiirira pa thanki, ndinakanyamula ndi chala nkununkhiza. Ndinayetsemula mpaka nkhuku zinabalalika. Anali fodya wofwenkha. Pakhomo ponse paja wofwenkha fodya anali munthu mmodzi yekha, koma mutu wanga unakana kumaliza ganizolo.

Lamulungu lotsatira ndinatuluka m'tchalitchi nthawi ya zolengeza, ndipo mmalo mopita ku bawo ndinazungulira kudzera m'munda wa nandolo wa kuseri kwa nyumba. Ndisanafike ndinamva kulira kwa chitsulo, kwii, kwii, kwii, pang'onopang'ono ngati munthu akupala mpeni. Ndinapatula masamba.

Apongozi anga anali atakhala pa njinga ya kampani. Anakhala cham'mbali, kumbali yoweramayo, mapazi onse ali pansi, lichero lili pamiyendo, kabotolo ka fodya kali pa thanki. Ankasenda nandolo uku akung'ung'udza nyimbo ya kwaya, akudzigwedeza kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo mwendo wa njinga unkawayankha. Sindinawaonepo atakhala mwamtendere chotero. Kenako anasiya nandolo, anakoka galasi lija nkuyamba kukonza duku. Ine ndinali kumbuyo kwawo ndendende. M'galasimo ndinaona nkhope yonse ya apongozi anga koyamba chikwatirireni, ndipo iwonso anaona yanga itatulukira m'masamba a nandolo ngati ya mbuzi yakuba.

Sindidziwa ngati mwambo umaletsa za m'galasi, poti makolo amene anauyambitsa analibe njinga. Tonse tinagwetsa maso nthawi imodzi. Koma kanthawi kochepa ako kanandikwanira. Ndinali nditawerenga maso a anthu ambiri pa malonda, ndipo awa ankanena chinthu chimodzi: ichi sichogulitsa.

Madzulo ake ndinawaitanira mayi anu kuseri kwa nkhokwe.

"Amake Fatsani, kodi mukudziwa zimene zimachitika pansi pa mango ine ndikachoka?"

"Mudzi wonse ukudziwa."

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Munafunsa a Zuze. Munafunsa matayala. Mpaka munafunsa mtengo wa mango ndi msomali. Ine munandifunsa?"

Ndiye anandifotokozera. Mawondo a agogo anu anali atatha. Akakhala pa mphasa, kudzuka kwake kunkafuna anthu awiri owakoka, ndipo iwo, mayi amene analima okha munda wonse uja amuna awo atamwalira, ankachita nazo manyazi mpaka ankalolera kukhala chiimire tsiku lonse. Mipando ya m'nyumba inali yotsika ndi youma. Koma chishalo cha njinga chinali chofewa, ndipo kupendekera kuja kunkachifikitsa pa msinkhu wa chiuno chawo. Ankangotsamira nkukhala, ndipo pofuna kudzuka ankangoterereka nkupezeka aimirira. "Chibwerereni njinga yanu," anatero mayi anu, "Lamulungu mayi amadzuka okha."

"Komatu ntchito ikutha. Kawauzeni."

"Ndikawauze kuti chiyani? Kuti mkamwini wanu akuti mwapinda chitsulo cha kampani ndi thupi lanu? Pitani mukanene nokha, si inu katswiri wa pakamwa?"

Apa ndi pamene panandithera nzeru. Chuma changa chonse chinali pakamwa ndi m'maso, ndipo kwa munthu ameneyu zonse ziwiri zinali zoletsedwa. Ndinaganiza zopita kwa ankhoswe, koma ndinadziona nditakhala pabwalo ndikufotokozera akuluakulu mlandu wa chishalo, ndipo ndinadziwa kuti nyimbo yake idzaimbidwa pa zinkhoswe mpaka zidzukulu zanga. Kuitsekera m'nyumba Lamulungu kukanatheka, koma pambuyo pa galasi lija, chitseko chotseka chikanalankhula mokweza kuposa chipongwe. Kuisiya ku ofesi kunali kuipereka ndekha kwa anthu aja a pa Boma. Kuwauza a Sizimenezo zoona kunali kuika apongozi anga pakamwa pa anyamata a kabaza. Ndipo kungokhala chete kunali kuika makiyi patebulo. Sabata imeneyo ndinagula nandolo ngati munthu wogona, alimi anasangalala nane kwambiri. Chimene chinandipulumutsa ndi chinthu china chimene ndinachiona kwa amayi a zitenje aja: munthu sumulanda chimene wafumbata, umamuonetsa china kuti atambasule yekha dzanja.

Ndinapita kwa a Zuze kachitatu. Ndinangoti, "Pamakhala munthu." Sanafunse kuti ndani. Anati, "Ndiye tonse tinkachiza mwendo pamene matenda ali m'chiuno." Anatsamiritsa njinga pa chitsa, anachotsa thanki ndi waya wa batire kuti moto usatipsereze, nkumasula sipuling'i ndi bawuti imene mwendo umazungulirapo. Ndinagwada kuti ndione bwino. Bawutiyo inali itadyeka pakati mpaka kukhala ndi chiuno ngati mavu. Bowo lake, limene linayenera kukhala lozungulira, linali litatalika ngati dzira. Khutu lachitsulo la pa felemu, limene limagwira mwendo, linali litakanuka, ndipo pamene mwendo umagunda kuti ulekeze kutambasuka panali patadyeka. Mwendo weniweniwo sunafupike nkomwe, unkangotagadira kunja. A Zuze anachotseratu chitsulo chathu chowonjezera chija, anatenthetsa khutu lija nkulibweza ndi hamala, anatseka bowo ndi moto nkuboola lina, anadzaza podyeka paja nkupala. Anaika bawuti yatsopano, washa ndi girizi, ndipo kuphazi anawotchererako kachitsulo kafulati koti kasamalowe mumchenga. Atatsitsa njinga anati, "Onani, patarau. Isaime ngati msilikali, isagwadenso. Izingopereka moni."

Pamene ankagwira ntchito, maso anga anali pa mulu wa zitsulo zakufa pakona. Pamwamba pake panali chishalo cha njinga ina yophwasuka, chachikulu, chosang'ambika. Ndinayesa kuchiyang'ana ngati chikundinunkhira, koma a Zuze anaseka. "Lero maso anu akugulitsani." Anatchula mtengo, ine ndinangovomera. Anaika hamala pansi, nkundigwira pachipumi. "Patarau, mukudwala?"

Loweruka ndinakhoma mpando. Ndinadula mitengo itatu yolimba, yofanana bwinobwino ngati mafuwa, ndinaikhomera pa thabwa, pamwamba nkumangirira chishalo chija. Lamulungu m'mawa ndinauika pansi pa mango pambali pa njinga, ndipo ku tchalitchi sindinapite. Ndinakhala kuseri kwa nkhokwe ngati ndikukonza khasu. Mawa lake linali Lolemba.

Apongozi anatuluka ndi lichero lawo. Anaima nkuyang'ana zinthu ziwirizo. Anayamba ndi njinga, koma tsopano inali itatalika, chiuno chawo sichinafikepo. Anayesa mpando. Anakhala, anadzigwedeza pang'ono, ndipo mtima wanga unayamba kuvina. Koma pofuna kudzuka anakanika, anachita kugwira thunthu la mango nkudzikoka. Ataimirira anabwerera pa njinga, anaika dzanja pa chishalo chake nkuyamba kukanikiza, ngati munthu woyesa ngati papaya lapsa. Kenako anaitana mayi anu, ndipo analankhula mokweza, nkhope ataloza ku phiri, msana ataulozetsa ku nkhokwe.

"Iwe, ukawauze eni ake a mpandowu kuti zikomo. Ndi wofewa. Koma ndi wodzikuza. Suwerama."

Mayi anu anatembenukira ku nkhokwe. "Akuti ndi wodzikuza."

"Ndamva," ndinatero, ndikuyang'ana khasu. "Muwafunse kuti uwerame bwanji."

"Ngati mmene ankachitira mnzakeyu asanapite kuchipatala," anayankha apongozi, osadikira kuti funso liwafike.

Ndinatenga sowo. Ndinatuluka chobwerera m'mbuyo, ndinakoka mpando, ndinanjuta nditawafulatira nkuyamba kudula mwendo umodzi. Ndikadula pang'ono, mayi anu ankaunyamula kupita nawo, apongozi ankakhalapo nkuyesa kudzuka, mpando nkubwerera. "Akuti pang'ononso." Ndinkadula. "Akuti musaumire, mtengo si wogula." Ndinkadulanso. Ine amene ndinakakamira chitsulo chachitali kwa a Zuze, tsopano ndinkanenereredwa kuti ndifupikitse, ndipo wondinenererayo sindinkamuona ngakhale diso. Pomaliza ndinamva chishalo chikuphwetsa mpweya, kenako mapazi akuponda pansi, popanda kubuula, popanda kuitana munthu. Anakhalanso, anadzukanso. Ndiye ndinamva nandolo akugwera m'lichero.

Ndinali nditayamba kutolera zida zanga pamene mawu anabweranso, olunjika ku phiri.

"Uwauzenso kuti winayu anali ndi galasi."

Mayi anu anakhala pansi ndi kuseka. Ine ndinalowa m'nyumba, ndinatenga galasi lakumanja losweka lija, limene linali ndi chibenthu chimodzi chabwino, ndinalikhomera pa thunthu la mango pamwamba pa zizindikiro zanga za msomali. Pa malonda onse amene ndinachitapo, amenewa ndi amene ndinaluza kwambiri, ndipo ndinachoka ndikuwomba m'manja.

Lolemba a Sizimenezo anazungulira njinga, anaigwedeza, anagwada nkusuzumira kumwendo, anaikankha kumanja, anaikankha kumanzere. Inangopereka moni. Anadzuka, anapukuta mawondo. Ndinaona milomo yawo ikukonzekera mawu awo a masiku onse, koma inasowa pogwira. "Ndi zimenezo," anatero motsitsa, ngati akuopa kuti wina awamva. Mlonda wa pa geti anavula chipewa.

Lero

Njinga ija ndinayenda nayo mpaka tsiku limene ndinapuma ntchito, ndipo sinagwenso. Dzina lokha la Mkamwini silinachoke. Agogo anu anakhalira mpando uja zaka zawo zonse zotsala, Lamulungu ndi masiku ena omwe, ndipo ine ndi iwo sitinalankhulanepo za nkhaniyi, kapena nkhani ina iliyonse. Koma nthawi zina ndikamadutsa kumbuyo kwawo ndikukankha njinga, ndinkaponya diso pa chibenthu cha galasi chija, ndipo ndinkapeza diso lina likundidikira mmenemo.

Atadwala matenda awo omaliza anagawa tinthu tawo: zitenje kwa alongo ako, mbiya kwa mayi anu. Za mpando anati, "Uwo mukabweze kwa eni ake. Muwauze kuti mawondo ali m'njira."

Mawondowo anandifikadi chaka chatha. Tsopano mukudziwa chifukwa chake m'mawa mumandipeza pamenepo ndi kapu yanga ya tiyi, nditapendekera kumanzere ngati ndikufuna kutola chinthu pansi. Akuluakulu anati mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo, ndipo ine ndikuti ndi mpando womwe. Amene adzaikepo kamwala kuti uwongoke, akhale pafupi, adzandidzutsa yekha.